Dzina la Pensulo

Tinabwera ndi masutikesi anayi,
atatu a mabuku, imodzi ya ife awiri.
Lero ku Khombedza, Lachisanu lotsekera,
atatuwo ali kukamwa yasa! pakona,
ndipo ababa akuti asiye kaye, dzuwa lipepe.

Teremu yathunthu.
Iwo Fomu 4, ine Fomu 1,
pakati pathu khoma losafika kudenga.
Ndinkamva zonse.
Munthu amene kutsidya kuja amayankha ndi mutu wokha,
amene zaka makumi awiri wakhala akutembenuza nkhalamba za eni
usiku, atavala magolovesi,
kuno ankabangula za mitsinje ndi mapiri
mpaka mbuzi za pabwalo kuimika makutu.
Sindinkadziwa kuti mawu awo anawasiya kuno,
m'kabati ya choko,
ngati ambulera yoiwalika.

Ine Chichewa changa n'cha m'khitchini mwa malemu amayi,
chodziwa mchere, chosadziwa kugawa nambala.
Tsiku loyamba ndinafunsa mtengo wa kope,
Asiyatu n'kundilozera m'bawa wa pawindo,
kalasi yonse kufa ndi phwete.
Kuseri kwa khoma kunati zii,
kenako kachifuwa kaja,
kamene amatsokomola akamabisa kuseka.

Usiku tinkachonga makope pa tochi imodzi.
Cholembera chofiira chinali chimodzinso,
tinkalandizana ngati mpeni pa mango.
Twaibu analakwa masamu asanu ndi awiri mwa khumi.
Ine ndikuti walephera.
Iwo akuti, onanso, wakhoza atatu,
mwana ameneyu amayamba wakwezetsa makala panjinga
tambala asanalire kachitatu.
Tinakangana mpaka mabatire kutha,
n'kupitiriza mumdima.

Masana kunali kutsanzikana.
A Mbalule analankhula kufikira zakumwa kufunda m'mabotolo.
Ana anabwera pamzere:
kathumba ka mpunga, malambe asanu,
kalata yoti madamu mudzabwerenso
koma mudzaphunzire kaye kunena mtengo,
pomaliza Twaibu ndi tambala womanga miyendo.
Ndinayamba kufotokoza kuti ndege silola nkhuku.
Ababa anangomulandira ndi manja awiri,
kumupanira m'khwapa.
Tiona, anatero.

Ndinapita kukabweza makiyi ku ofesi.
Munalibe munthu.
Pakhoma, pansi pa kalendala ya ogulitsa feteleza,
ndandanda wa teremu yamawa, wokhomedwa kale.
Ndinayang'ana ndani atenge ana anga.
Maso anatsetsereka okha.
Lolemba m'mawa, Fomu 4.
Lachitatu. Lachinayi kawiri.
Dzina lathu.
Ena onse n'nga inki, ili lokha la pensulo,
K wake wa mwendo wautali uja
amene ankasainira malipoti anga a sukulu
akuwodzera, atangochoka kuntchito.

Matikiti awiri ali m'chikwama changa,
Lachiwiri, Lilongwe, mipando yoyandikana.
Mankhwala awo a shuga atsala a milungu itatu,
ndinawerenga dzulo.
Labala analinso pompo patebulo la a Mbalule,
watsopano, wosalumidwa.
Ndinamutenga. Ndinamupima m'manja.
Ndinamubwezera pamalo pake,
pang'ono chakumanja.

Tsopano ndikupinda zovala.
Zanga zadzaza theka lokha,
theka linalo ndalisiya, sindinafunse.
Fumbi la choko latsalira m'zikhadabo
ndipo sindikulichotsa.
Shati yawo yoyera ikadali pachingwe,
yauma kalekale.

Pawindo ndikuwaona atanyonyomala pansi pa m'bawa,
mawondo akulira ngati chitseko.
Akumasula luzi ku miyendo ya tambala
pang'onopang'ono, kuti lisaduke,
akulipinda, kuliika m'thumba.
Tambala waima, wadzigwedeza, sakuthawa.
Akumuwazira mpunga wa mphatso uja
n'kumamuuza zinazake motsitsa,
m'Chichewa chimene ine
sindinachifikebe.